Kodi "perspective" ndi maganizo basi? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Dedza

Mayi wina amene amaphunzitsa ku pulayimale watumiza funso ili:

"Zikomo aphunzitsi. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ku Dedza, ndipo chaka chino ndayamba maphunziro a digiri, aja timaphunzira tili kunyumba n'kumakakumana ndi alekichara pa holide. Pa ntchito yoyamba ya Hisitole anatifunsa kuti: 'Discuss the Chilembwe uprising from the perspective of the estate workers.' Ndinalemba masamba anayi, kufotokoza mmene ndimaionera nkhani ya Chilembwe, kuti anali ngwazi koma anafulumira kuyamba nkhondo asanakonzeke. Pepala litabwera, malikesi anali ochepa zedi, ndipo m'mphepete analemba kuti 'this is your opinion, not the perspective asked for'. Anadulanso mzere kunsi kwa mawu anga akuti 'in my perspective'. Ine chikhalire ndimadziwa kuti perspective ndi maganizo. Nanga akusiyana pati ndi opinion, view kapena point of view? Ndachita manyazi, poti inenso ndimaphunzitsa ana Chingerezi."

Aphunzitsi anzanga, khazikani mtima pansi. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa Chingerezi ndi kuchonga mapepala, mawu amenewa apunthwitsa anthu ochuluka, ena a iwo odziwa Chingerezi chomveka bwino. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tikamamasulira mwachangu m'kalasi, opinion timati maganizo, view timati maganizo, idea timati maganizo, perspective timatinso maganizo. Mwana amakula akudziwa kuti onsewo ndi amodzi, ndipo pocheza wamba palibe amene amamudzudzula. Vuto limadzaonekera tsiku limene wina wafunsa funso lofuna tanthauzo lenileni la limodzi mwa mawuwo, monga zachitikira inumu. Zimene munalemba za Chilembwe si zopanda nzeru ayi. Akatswiri a mbiri yakale amakambirana ndithu ngati anthu ake anali okonzeka. Kungoti munayankha funso limene simunafunsidwe.

Kusiyana kwake kuli apa. Opinion ndi chigamulo chanu pa nkhani, chimene mwatsimikiza mumtima mutatha kuganiza: izi n'zabwino, izi n'zolakwika, uyu anachita bwino, uyu anafulumira. Perspective ndi pamalo pamene munthu waima pamene akuyang'ana nkhaniyo. Malo amenewo akhoza kukhala ntchito yake, umphawi kapena chuma chake, msinkhu wake, chipembedzo chake, nthawi imene anakhala ndi moyo, kapena zimene zinamuonekera. Poima pamenepo pali zina zimene amaziona bwinobwino, zina amaziona patali, ndipo zina sazionako n'komwe. Maganizo amabadwa kuchokera pamenepo. N'chifukwa chake anthu awiri oima malo amodzi atha kusiyana maganizo, ndipo anthu awiri oima malo osiyana atha kugwirizana pa chigamulo koma pa zifukwa zosiyana. M'Chichewa, mawu oyandikira kwambiri ndi aja timati "kumbali ya alimi", "kwa munthu wa kumudzi", kapena "mmene amazionera amayi". Mukamva perspective, funso loyamba kudzifunsa likhale lakuti: woona nkhaniyi ndani, ndipo waima pati?

Mbiri ya mawuwa imathandiza kuti tanthauzoli likhazikike m'mutu. Gwero lake ndi Chilatini, "perspicere", kutanthauza kuyang'ana modutsa chinthu kapena kuona bwinobwino. Atalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ankatanthauza maphunziro a kuwala ndi mmene maso amaonera. Kenako anakhala mawu a amisiri ojambula zithunzi, ndipo tanthauzo limeneli lilipo mpaka lero. Mukaima pakati pa msewu wowongoka, mumaona ngati mphepete zake ziwiri zikunka ziyandikana mpaka kukakumana patali, ndipo mapolo a magetsi amanka nafupika, chonsecho onse ndi ofanana. Luso lojambula zimenezi papepala lafulati, kuti woona amve ngati muli kutali ndi pafupi, ndilo amalitcha perspective. Pamene mizere ija imakakumana amapatcha "vanishing point".

Munthu amene amatchulidwa kuti anasonyeza lamulo la lusoli ndi Filippo Brunelleschi, mmisiri wa zomangamanga wa ku Florence m'dziko la Italy, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Zimene anachita n'zoyenera kuzimva bwino. Anaima chamkati pang'ono mwa khomo la tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, n'kujambula pa kathabwa nyumba yobatiziramo imene ili moyang'anana ndi khomolo, nyumba ya mbali zisanu ndi zitatu. Pamalo pa mitambo sanapakepo utoto, anaikapo siliva wopukutidwa kuti mitambo yeniyeni izionekeramo ikuyenda. Atatero anaboola kabowo pa thabwalo. Wofuna kuona ankagwira thabwa chithunzi chitayang'ana kutsogolo, n'kuika diso pa kabowo kuchokera kumbuyo, dzanja linalo atagwira kalilole patsogolo pake. Mu kalilolemo ankaona chithunzi, ndipo akachotsa kalilole ankaona nyumba yeniyeni, ziwirizi zikugwirizana mzere ndi mzere. Koma zinkagwirizana pokhapokha munthuyo ataima pamene Brunelleschi anaima pojambula. Kungosuntha mapazi angapo, zonse zinkasokonekera. Mu 1435 Leon Battista Alberti analemba malamulo a lusoli, ndipo anayerekeza chithunzi ndi zenera lotsegula limene munthu amaonerapo kunja. Tanthauzo la kaonedwe ka nkhani m'maganizo linadza pambuyo pake, litabwerekedwa kwa ojambulawa, ndipo linabwera ndi kabowo kake komweko: palibe perspective yopanda poima.

Mukagwira mfundo imeneyi, mzere uja anadula alekichara anu sukhalanso wodabwitsa. Munthu amayang'ana kuchokera pamalo, choncho Chingerezi chimati "from my perspective", "from the perspective of a parent", "from a legal perspective". Chimodzimodzinso "from my point of view" ndi "from my standpoint". Koma opinion ndi view amayenda ndi "in": "in my opinion", "in my view". Mawu akuti "in my perspective" ndi "in my point of view" amabadwa posakaniza magulu awiriwa. Amamveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'misonkhano, ndipo aliyense amamva chimene wolankhulayo akutanthauza, koma wochonga pepala la ku yunivesite awadula mzere ndithu. Ndikuwonjezereni awiri ena a banja lomweli amene ndimakumana nawo chaka ndi chaka. Loyamba ndi "according to me". Mawu akuti "according to" amagwira ntchito potchula zonena za wina, monga "according to the report", ndipo sitidzitchula nawo tokha. Lachiwiri ndi "on my side", limene timalitenga ku "kumbali yanga". M'Chingerezi cha m'mabuku munthu amene ali "on my side" ndi amene akundiikira kumbuyo pa mkangano. Mukafuna kunena kuti "kumbali yanga", nenani "for my part", "as for me", kapena "from my perspective" yemweyo.

Palinso timawu tiwiri tobwera pambuyo. "Of" amatsogolera mwini kaonedweko, "on" amatsogolera nkhani imene ikuonedwa. "The perspective of the workers" ndi kaonedwe ka antchito. "A new perspective on the uprising" ndi kaonedwe katsopano pa nkhani ya kuukirako. Mutha kuwaphatikiza n'kunena kuti "the workers' perspective on thangata". Mukasinthanitsa n'kulemba "the perspective of the uprising", zikumveka ngati kuukirako kuli ndi maso ake.

Tsopano tibwerere ku funso lanu la Hisitole, pakuti pamenepo ndi pamene pali ntchito. Anakupemphani kuti musiye kaye mpando wanu wa mphunzitsi wa masiku ano, amene amaona nkhope ya Chilembwe pa ndalama n'kupuma pa 15 Januwale chaka chilichonse, mukaime pamene anaima munthu wolima thonje pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero chaka cha 1914 chikutha. Munthu ameneyo akuona chiyani? Mwina ndi Mlomwe amene wangosamuka kumene kuchokera ku Mozambique, alibe malo akeake, ndipo nyumba yake yaima pa nthaka ya mzungu. Lendi yake salipira ndi ndalama, amalipira ndi thukuta, ndiyo thangata ija. Pamwamba pake pali msonkho wa nyumba umene boma likufuna. Masiku a thangata amawerenga ndi kapitawo, ndipo madandaulo a anthu anali akuti nthawiyo inkatalikitsidwa kupitirira pangano, mwini wake n'kusowa mpata wolima munda wake nthawi ya dzinja. Njala ya m'zaka za 1912 ndi 1913 ikadali m'maganizo. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ndi wodziwika ndi nkhanza, ndipo timatchalitchi taudzu timene anthu a mpingo wa Chilembwe ankamanga pa malo a esiteti tinkatenthedwa. Kenako nkhondo ya azungu yayamba, ndipo anthu akutengedwa kukamenya kapena kukasenza katundu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a Chilembwe anapita ku Magomero n'kupha Livingstone, munthu uyu akuona kugwa kwa bwana amene amamudziwa nkhope. Masabata otsatirawo akuona asilikali a boma akusaka anthu ndi kutentha midzi, ndipo iye, kaya anatengako mbali kaya ayi, ali m'gulu la okayikiridwa.

Onani kuti zinthu zambiri zimene ife timaziona zazikulu, kwa iye zili kuseri. Za ulendo wa Chilembwe wopita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, za maphunziro ake ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ngakhale za kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, wogwira thangata wosadziwa kuwerenga mwina ankangozimva chapatali. Za ufulu wa dziko wa 1964 sangaziganize n'komwe. Pepala labwino limasonyeza zoonekazo, komanso limatchula zobisikazo. Wophunzira wochenjera amasiyanitsanso antchitowa ndi anthu ophunzira amene anali pafupi ndi Chilembwe, monga John Gray Kufa, amene anaphunzira za chipatala ku mishoni ya Blantyre ndipo anali ndi malo akeake. Anthu oterowo chinkawawawa kwambiri ndi kunyozedwa, monga kukakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu aliyense, ndi kutsekeredwa njira yotukukira ngakhale anali ophunzira. Onsewa anali mbali imodzi pa kuukirako, koma sanaime malo amodzi. Ndipo bwanamkubwa wa ku Zomba, amene asilikali ake ambiri anali kumpoto kulimbana ndi Ajeremani, ankaona china: kugalukira boma pa nthawi ya nkhondo, koyenera kuzimitsidwa msanga. Pofika pa 3 Febuluwale Chilembwe anali ataphedwa chakufupi ndi malire a Mozambique, ndipo tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe chinagwetsedwa.

Pa kalembedwe, ziganizo zanu zizimveka chonchi: "For a tenant at Magomero, the main grievance was thangata." Kapena: "From the workers' perspective, the rising was an attack on a harsh manager rather than a plan to found a new state." Muone kuti "I think" mulibemo. Sizitanthauza kuti inu mwasowa, popeza kusankha umboni ndi kuusanja ndi ntchito yanu, ndipo kumapeto mutha kunena mmene mukuonera kuti kaonedwe ka antchito kakutithandiza bwanji kumvetsa nkhani yonse. Koma chigamulo chakuti Chilembwe anali ngwazi kapena anafulumira chikanayenera funso lina, monga "Assess Chilembwe's leadership" kapena "To what extent was the uprising well planned?"

Pali mbuna ziwiri apa zimene ndaonamo anthu akugwa atangomvetsa mfundo yoyambayi. Ena amaganiza kuti ayenera kusanduka wantchitoyo n'kulemba kuti "I woke up early and went to the cotton field". Ku sekondale, funso likayamba ndi "Imagine you are", zimenezo n'zoyenera. Ku yunivesite, pokhapokha atanena momveka, amayembekeza kuti mulemba ngati wofufuza, mukutchula antchitowo kuti "they", ndipo mfundo iliyonse ili ndi pochokera. Ena amapeka zimene antchitowo ankamva mumtima popanda umboni. Apa m'povuta ndithu, chifukwa zolembedwa za nthawiyo zambiri analemba ndi aboma, amishoni ndi eni maesiteti. Mawu a anthu wamba amapezeka apo ndi apo, m'milandu ya ogwidwa, mu umboni umene Aafirika ena anapereka ku bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa kuukirako kutatha, ndi m'nkhani zimene agogo anasiyira zidzukulu. Kunena poyera m'pepala mwanu kuti umboni wa mbali imeneyi unadutsa m'manja mwa anthu a mbali ina kumakuwonjezerani malikesi, chifukwa kukusonyeza kuti mwamvetsa chimene mawuwa akufuna.

Pamene mukupitirira ndi digiri yanu mudzakumana ndi perspective wa mtundu wina, amene poima pake si pa munthu koma pa chiphunzitso. Adzakuuzani kuti "from a functionalist perspective", "from a conflict perspective", "from a gender perspective", "from an economic perspective". Apa akutanthauza kuti mutenge mafunso amene gulu lina la akatswiri limafunsa, muwafunse pa nkhani yanu. Otsatira Émile Durkheim, aja a "functionalist", amafunsa kuti chinthu ichi chikugwira ntchito yanji polunzanitsa anthu. Otsatira Karl Marx, aja a "conflict", amafunsa kuti akupindula ndani ndipo akuluza ndani. Tengani nkhani imene inu mumaidziwa kuposa ine, ya maphunziro aulere a ku pulayimale amene anayamba mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Woyang'ana za chuma afunsa za ndalama zomangira makalasi ndi kulipira aphunzitsi. Woyang'ana za jenda afunsa kuti mwa ana olowawo atsikana anali angati, ndipo anafika Sitandade 8 ndi angati. Kholo losauka linaona khomo limene linali lotseka litatseguka, pamene mphunzitsi anaona ana osawerengeka pansi pa mtengo. Simukuyenera kukhulupirira chiphunzitso kuti mulembe bwino kuchokera pa icho. Mkhristu wolimba atha kulemba pepala labwino "from a Marxist perspective", bola afunse mafunso a Marx mokhulupirika.

Chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano ndi mmene mawuwa asandukira pothawira. Munthu akagwidwa ndi bodza amangoti "that is your perspective", ngati kuti zonse n'zofanana. Zimenezi musazilole m'kalasi mwanu kapena m'mapepala anu. Kaonedwe kamasintha kukula kwa zinthu ndi tanthauzo lake, koma sikasintha zimene zinachitika. Kuukira kuja kunayamba pa 23 Januwale 1915 kwa wantchito, kwa bwanamkubwa ndi kwa inu. Azungu atatu anaphedwa, ndipo Aafirika ambiri anaphedwa pobwezera, kaya wolemba akukonda mbali iti. Nyumba yobatiziramo ija ya ku Florence ili ndi mbali zisanu ndi zitatu ngakhale woima pakhomo la tchalitchi amaonako zitatu zokha. Wonena kuti ili ndi mbali zitatu basi walakwitsa, ndipo poima pake sipangamupulumutse. Chinanso chochepa koma chotopetsa ndi kumwaza mawuwa paliponse pofuna kuti chiganizo chimveke chaukatswiri. "From a cost perspective, the books are expensive" sakunena china choposa "the books are expensive". Ngati palibe mbali ina imene mukusiyanitsa nayo, achotseni.

Za achibale ake a mawuwa ndidutsapo msanga. "Point of view", "viewpoint" ndi "standpoint" nthawi zambiri atha kulowa pamalo pa perspective popanda vuto, ndipo onse ali ndi chithunzi cha poima. Pochulukitsa timati "points of view", osati "point of views". "View" ali pakatikati, koma amapendekera ku opinion. "Outlook" ndi mmene munthu amaonera moyo wonse, monga "a positive outlook". "Angle" ndi wa atolankhani, mbali imene asankha kuyambira nkhani. Kumene "point of view" ali ndi ntchito yakeyake ndi ku Litiricha. Kumeneko akutanthauza amene akufotokoza nkhani: "first person" pamene wofotokoza ali m'nkhanimo ndipo akuti "I", "third person" pamene ali kunja ndipo akuti "he" kapena "she", nthawi zina akudziwa za mumtima mwa aliyense, nthawi zina za munthu mmodzi yekha. Funso la mayeso likati "What point of view is used in the story?" likufuna yankho la mtundu umenewo, silikufuna maganizo a wolemba. Katswiri wa ku France, Gérard Genette, mu 1972 anasiyanitsa mafunso awiri amene ambiri ankawasakaniza: akulankhula ndani, ndipo akuona ndani. Nkhani itha kufotokozedwa ndi munthu wamkulu koma zonse n'kumaoneka ndi maso a mwana. Aja a "POV" amene ana amalemba pa TikTok ndi pa Facebook ndi chidule cha "point of view" yemweyo, chochokera kwa opanga mafilimu, pamene kamera imaonetsa zimene diso la munthu wa m'filimu likuona. M'ntchito ya kusukulu musalembemo chidulecho.

Latsala tanthauzo lina limene ambiri salidziwa, ndipo ndi lothandiza kwambiri. Perspective amatanthauzanso kutha kuona kukula kwenikweni kwa chinthu pochiyerekeza ndi zina. Nalonso linachokera kwa ojambula aja, popeza chithunzi chili "in perspective" ngati zapafupi ndi zakutali zili ndi misinkhu yoyenera. Wolemba akati Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita opitirira 550, n'kuwonjezera kuti "to put that into perspective", akufuna kukupatsani muyeso umene mumaudziwa, mwachitsanzo kuti ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 300 okha. Mnzanu akakuuzani kuti "keep things in perspective" akukulangizani kuti musakulitse chinthu kuposa msinkhu wake. Munthu amene "has lost perspective" ndi amene kanthu kamodzi kamudzaza m'maso mpaka sakuonanso zina. Pa tanthauzo limeneli mawuwa sawerengeka: sitiika "a" patsogolo, sitiika "s" kumapeto. Koma pa tanthauzo la kaonedwe amawerengeka, ndipo timati "a perspective", "two perspectives". Apa ndi pokhapo pamene "in" amaloledwa, ndipo muone kuti palibe "my" pakati: "in perspective", "into perspective". Point of view sangalowe m'malo amenewa. Palibe amene amati "put it into point of view".

Chenjeraninso ndi "prospective", amene ndi mawu ena kotheratu. Amafotokoza munthu kapena chinthu choyembekezeka m'tsogolo: "prospective students" ndi amene akufuna kudzalowa sukulu, "a prospective buyer" ndi amene mwina agula. Ndaonapo zikalata za m'maofesi zolembedwa kuti "perspective candidates", ndipo kompyuta sidula mzere wofiira chifukwa mawu onse awiri alipo m'Chingerezi. Pakamwa amafanana kwambiri, popeza onse amatsindika pa "spec" ndipo chiyambi chake chimatchulidwa mopepuka, kusiyana kwake n'kukhala ka "r" kamene kamamveka pambuyo pa "p" mu prospective. Njira yowasiyanitsira ndi kuona ntchito yawo m'chiganizo. Prospective sayenda yekha, amafuna dzina lobwera pambuyo pake loti alifotokoze. Perspective ndi dzina palokha. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira m'Chipwitikizi ali ndi vuto lina lapadera, chifukwa m'chilankhulo chimenecho "perspectivas" amatanthauzanso mwayi wa m'tsogolo, monga mwayi wopeza ntchito. M'Chingerezi zimenezo ndi "prospects", monga "job prospects".

Kwa ana anu a Sitandade 7, sindikuona chifukwa chowapatsa mawu akuti perspective panopa. Chimene angapindule nacho ndi luso lake. Akawerenga nkhani ya m'buku, afunseni kuti aifotokozenso ngati mmene akanaifotokozera munthu wina wa m'nkhanimo, kenako afunseni kuti munthuyo sakudziwa chiyani chimene ife owerenga tikudziwa. Aphunzitseni "in my opinion" ndi "I think" kuti azigwiritsa ntchito molondola. Akadzafika ku sekondale mawu aakuluwo adzapeza malo okonzedwa kale.

Za pepala lanu, ndikulangizani kuti musalipinde n'kuliika m'chikwama. Lembaninso ndime imodzi yokha, yoyamba ndi "For a tenant at Magomero", muitumize kwa alekichara anu kapena mupite nayo pa nthawi yokumana, muwafunse ngati ndi zimene ankafuna komanso ngati pali mwayi wolembanso ntchito yonse. Alekichara ambiri amalandira bwino wophunzira amene wabwera ndi ndime m'manja kusiyana ndi amene wabwera kudzadandaula za malikesi. Muwafunsenso ngati m'phunziro lawo amalola "I" m'mapepala, chifukwa madipatimenti amasiyana pa zimenezi. Ndipo nthawi iliyonse funso likatchula chiphunzitso chimene simunachiwerenge, monga "from a postcolonial perspective", musayambe kulemba mongoganizira. Funsani kaye kuti muwerenge chiyani, pakuti pamenepo Chingerezi chokha sichingakupulumutseni. Pa timawu ta "from", "in", "of" ndi "on", pezani dikishonale ya ophunzira Chingerezi, monga ya Oxford kapena ya Longman, imene imapereka ziganizo zachitsanzo pansi pa tanthauzo lililonse. Zonsezi zimapezeka pa intaneti kwaulere, ngakhale pa foni. Mukatsegula, musathamangire tanthauzo loyamba n'kutseka. Werengani zitsanzozo mokweza, muone kamawu kamene kali kutsogolo ndi kamene kali kumbuyo, mukalembe m'kope mwanu pamodzi ndi chiganizo chonse. Ngati ntchito yachiwiri ibweranso ndi ndemanga yofanana ndi yoyambayi, pemphani mnzanu wa m'kalasi amene anakhoza bwino kuti muwerenge pepala lake pambali pa lanu, ndime ndi ndime, muone pamene iye watchula mwini kaonedwe ndi umboni wake.